Ntchito za mafuta a m'nyanja: Palma, Lüderitz, Luanda, ku Arabu, kapena kudikira nyanja yathu?

Pa Lizulu ukhoza kugula kabichi ku Malawi, n'kungowoloka tala kukamwera tiyi ku Mozambique. Ndiye sizodabwitsa kuti nkhani ya gasi wa dziko la kutsidyali imatipeza msanga kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, ngakhale gasiyo ali kutali zedi, ku Cabo Delgado, kufupi ndi malire a Tanzania. Kuyambira mu Novembala 2022 Mozambique akugulitsa kunja gasi wochokera pansi pa nyanja yamchere. Namibia naye wapeza mafuta, Angola akupopabe, ku Arabu sadalekepo. Mnyamata amene adatuluka ku Lilongwe Technical kapena ku Salima Technical ndi pepala la zowotcherera, lero n'kumangopanga mafelemu a mawindo pa Mphate kapena pa Dedza boma, sakulakwa akamafunsa kuti khomo lolowera ku ntchito zimenezi lili kuti.

Makomo alipo angapo, ena otakasuka, ena ongojambulidwa pakhoma. Koma musanasankhe, muyambe mwadziwa amene amalemba anthu ntchito ndi nyengo imene amawachotsa.

Kampani zimene timamva mayina ake, monga TotalEnergies, Eni, Shell ndi ExxonMobil, kawirikawiri sizikhala ndi makina awoawo obowolera. Zimachita hayala kwa eni makina monga Transocean, Valaris, Noble ndi Seadrill, n'kumalipira pa tsiku. Mwa makinawa, jack-up imaima ndi miyendo yake pansi m'madzi osaya, osapitirira kwenikweni mamita 150. Drillship ndi sitima yeniyeni imene imabowola m'madzi akuya mamita 3,000 popanda nangula. Mainjini ndi makompyuta ndiwo amaigwira kuti isasunthe pamwamba pa chitsime. Pansi pa eni makinawa pali kampani za simenti, za maboti onyamula katundu, za helikoputa, zophika ndi zosakira anthu. Wophika kapena wowotcherera salembedwa ndi Shell. Amalembedwa ndi kampani yachitatu kapena yachinayi pamzerewo, ndipo mtengo wa mafuta ukatsika ndi iyeyo amene amayamba kuuzidwa kuti adikire kunyumba.

Alimi a mbatatesi a ku Tsangano amaudziwa msika wotere. Chaka chimene thumba lakwera mtengo aliyense amathamangira kubzala, pokolola onse amakumana pamsewu ndi matumba awo, mavenda n'kumatchula okha mtengo. Kungoti mbatatesi imakhwima pa miyezi yochepa pamene sitima yobowolera imatenga zaka kuti aimange. Pamene mgolo wa mafuta unkagulidwa madola opitirira 100, kampani zidaitanitsa makina ambiri ku South Korea ndi ku Singapore. Mtengo udayamba kugwa mu 2014, ndipo pofika Januwale 2016 mgolo udali pansi pa madola 30, makina ena atsopano akungokhala padoko osagwirapo ntchito. Mu 2020 Covid idamaliza: Diamond Offshore, Noble ndi Valaris zonse zidapita kukhoti chaka chomwecho kukavomera kuti ngongole zawakulira. Makina akale ambiri adaphwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo.

Zinthu zidatembenuka nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, maiko a ku Ulaya atayamba kusaka gasi wosachokera ku Russia. Pofika 2024 drillship yamakono inkachitidwa hayala pafupifupi madola 500,000 pa tsiku. Mu 2025 moto udazilalako, mgolo n'kumasewera pakati pa madola 60 ndi 80. Mmene ndikuonera, kubowola m'madzi akuya sikutha posachedwa, chifukwa ndi kumene kwapezeka mafuta ochuluka zaka zimenezi. Guyana adapeza mu 2015, n'kuyamba kupopa mu Disembala 2019, ndipo Brazil akukokabe sitima zambiri. Koma eni makina sakumanganso mwachisawawa, akumezana. Noble idaphatikana ndi Maersk Drilling mu 2022, n'kugulanso Diamond Offshore mu 2024. Drillship imodzi imagona anthu pafupifupi 200, ambiri mwa iwo oti akhala pa ntchitoyi zaka ndi zaka. Mipando ya pamadzi ndi yochepa. Ntchito zochuluka zili pamtunda: padoko, m'mawekishopu, ndi pomanga mafakitale a gasi. Apa ndi pamene ndikuyezera khomo lililonse.

Mozambique

Gasi wa ku Rovuma, pansi pa nyanja ku Cabo Delgado, adapezeka mu 2010 ndi kampani ya Anadarko, Eni n'kupezanso wina chaka chotsatira. Amene akugulitsidwa pano akuchokera pa Coral Sul, fakitale yoyandama yotalika mamita 432, imene imaziziritsa gasi mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke wamadzimadzi, alowe m'sitima. Koma taonani: fakitale imeneyi idamangidwa ku South Korea, n'kuikoka panyanja mpaka kufika. Owotcherera ake adali a kumeneko. Mnzake, Coral Norte, amene Eni idavomereza mu Okutobala 2025, ndi wa mtundu womwewo. Wa Biriwiri asaikepo mtima kwambiri pa ziwirizi.

Chimene chingamukhudze ndi fakitale ya pamtunda ya ku Afungi, pafupi ndi Palma, ya madola pafupifupi 20 biliyoni, imene ikutsogozedwa ndi TotalEnergies. Imeneyi ndiye imafuna anthu masauzande: owotcherera mapaipi, omanga makafula achitsulo, amagetsi, oyendetsa makina onyamula zolemera, madalaivala, ophika. Ntchito idaima mu Epulo 2021, zigawenga zitalowa m'tauni ya Palma mwezi wa Malichi n'kupha anthu ambiri, kuphatikizapo ogwira ntchito ochokera kunja. Asilikali a Rwanda adafika mu Julayi chaka chomwecho, ndipo kumapeto kwa 2025 kampaniyi idalengeza kuti yakonzeka kuyambiranso. Zigawengazo, zimene zidayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, sizidatheretu. Ife a m'malire tisamachite ngati sitidziwa kuti nkhondo ya ku Mozambique ndi chiyani. Makolo athu ndi amene adalandira othawa kwawo m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere wa 1992. Amene akupita ku Palma auze akwawo zoona zake, osati kungoti "ndili ku Pemba", likulu la Cabo Delgado.

Zotchinga zina ndi ziwiri. Choyamba ndi lamulo. Kukacheza ku Ulongwe sikuvuta, koma kugwira ntchito kumafuna chilolezo, ndipo Mozambique amaika malire a chiwerengero cha alendo amene kampani ingalembe. Ntchito zosafuna luso n'za eni dziko, makamaka a ku Cabo Delgado komweko, ndipo m'pomveka. Mmalawi angalowe pokhapokha ali ndi luso limene likusowa. Zogula chitupa cha kutsidya kwa madobadoba, poti agogo adabadwira ku Angonia, zisiyeni. Kampani zazikuluzi zimafufuza mapepala, ndipo ukagwidwa umataya ntchito ndi ufulu womwe.

Chachiwiri ndi Chipwitikizi. Chichewa chimakufikitsa ku Angonia ndi mbali zina za Tete, osati ku Palma. Komabe apa ndi pamene ife tili ndi mwayi umene wa ku Rumphi alibe: mphunzitsi wa Chipwitikizi ali kutsidya kwa msewu, mwina ndi msuweni wanu. Wowotcherera mapaipi wodziwa Chingelezi ndi Chipwitikizi amatha kumva mainjiniya akunja n'kumvananso ndi anzake a pagulu, ndipo kapitawo aliyense amafuna munthu wotere. Pa makomo onse, ili ndilo ndikuliona lapafupi ndi lotakasuka, komanso ndilo lili ndi mfuti pafupi.

Namibia

Ku Namibia kuli phokoso lalikulu koma mgolo ngakhale umodzi sunagulitsidwe. Kumayambiriro kwa 2022 Shell idapeza mafuta pa chitsime cha Graff, TotalEnergies pa Venus, ndipo mu 2024 Galp ya ku Portugal idapeza pa Mopane. Zonsezi zili ku Orange Basin, kummwera, moyang'anana ndi Lüderitz. Venus ali m'madzi akuya pafupifupi mamita 3,000, kutali ndi gombe, ndipo mafuta ake ndi osakanikirana ndi gasi wambiri, zimene zimakweza mtengo wopopera. Mu Januwale 2025 Shell idalengeza kuti yafafaniza m'mabuku ake madola pafupifupi 400 miliyoni, chifukwa miyala ya pamalo ake siyilola mafuta kuyenda mokwanira kuti apindule nawo. Kupeza mafuta ndi kuwapopa ndi nkhani ziwiri.

Ubwino wa Namibia ndi mtendere ndi Chingelezi. Vuto lake n'lakuti ntchito yofufuza ndi ya miyezi yochepa, sitima imabwera ndi anthu ake, ikamaliza imapita ku Angola kapena ku Brazil. Ndipo mafuta akadzayamba kupopedwa adzadutsa pa sitima yoyandama yomangidwa kunja, osati pa fakitale ya pamtunda. Achinyamata a ku Namibia nawonso ali pa ulova wadzaoneni ndipo boma lawo likufuna iwo ayambe. Chimene chilipo chenicheni ndi madoko: Walvis Bay, komanso Cape Town ndi Saldanha Bay ku South Africa, kumene amakonza sitima ndi makina obowolera. Mmalawi amene ali kale ku Joni ndi mapepala oyenera, ndipo ali ndi luso la zitsulo, angachite bwino kuyang'ana ku mawekishopu amenewa kusiyana ndi kulota helikoputa. Wochokera ku Ntcheu mwachindunji, ulendo wake ndi wautali kuposa phindu lake pakadali pano.

Angola ndingomudutsa. Akupopa migolo yopitirira pang'ono 1 miliyoni pa tsiku, kutsika kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni mu 2008, ndipo adatuluka mu OPEC, bungwe la maiko ogulitsa mafuta, kumapeto kwa 2023. Ntchito zatsopano zilipo, monga Kaminho ya TotalEnergies, koma dzikoli lakhala pa mafuta zaka zopitirira 50, lili ndi amisiri ake, malamulo ake amakondera eni dziko, Chipwitikizi n'chofunika, ndipo Luanda ndi wodula. Ndi khomo la munthu amene wagwirapo kale kwina, osati loyambira.

Ku Arabu

Saudi Arabia, Qatar ndi United Arab Emirates amadalira antchito akunja, ndipo sachita nazo manyazi. Madzi a kumeneko ndi osaya, kotero ndi kwawo kwa ma jack-up. Mu 2024 Qatar adalengeza zokulitsa gasi wake wa ku North Field kuchoka pa matani 77 miliyoni pa chaka kufika 142 miliyoni pomafika 2030. Koma kumenekonso msika umatembenuka usiku umodzi. Mu Januwale 2024 boma la Saudi lidauza kampani yake ya mafuta ya Aramco kuti isiye mapulani okweza mphamvu yopopera kufika migolo 13 miliyoni pa tsiku, ndipo m'miyezi yotsatira ma jack-up ambiri adaimitsidwa makontilakiti ali pakati. Onjezanipo kuti dera lonselo limadalira kanjira kopapatiza ka panyanja ka Hormuz, ndipo Iran akayambana ndi anzake aliyense amagona khutu lili kunja.

Opikisana nawo ndi a ku India, Philippines, Pakistan ndi Egypt, amene ali ndi njira zawo zakalekale zolemberana. Malipiro a wantchito wamba si aja a m'nthano ayi. Kutentha kumapyola madigiri 45, ndipo munthu wokulira m'chisanu cha Dedza, wozolowera kuotha moto mu Juni, adzamva kukoma atavala ovolosi ndi chisoti masana.

Khomo limeneli ndilonso lodzaza ndi akathyali. Uthenga umafika pa WhatsApp: chithunzi cha chinsanja pakati pa madzi moto ukuyaka kumsonga, pansi mndandanda wa ntchito, malipiro m'madola, "luso silofunika", kenako nambala yoti mutumizeko ndalama ya fomu ndi ya chipatala lisanafike Lachisanu. Kampani yeniyeni sifuna ndalama kwa wofunsira ntchito, ndipo palibe amene amakweza munthu wopanda luso pa makina odya madola mazana a masauzande pa tsiku. Nkhani ya amayi athu amene adazunzika ku Oman ikadali yaposachedwa. Funsani ku ofesi ya zantchito ya paboma ngati wokutumizaniyo ndi wovomerezeka, werengani kontilakiti musanakwere ndege, ndipo pasipoti ikhale m'thumba mwanu, osati mu drowa ya bwana.

Kudikira Nyanja ya Malawi

Ili ndi khomo limene ambiri amalikonda, chifukwa silifuna pasipoti. Kuchoka pa Golomoti kapena Mtakataka nyanja ili pomwepo. Boma lidagawa malo ofufuzira mafuta m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Mu 2011 lidapereka chilolezo kwa Surestream Petroleum ya ku Britain, kenako kampani zina monga SacOil ndi RAK Gas zidalandira zawo. Mu 2012 mkangano wa malire ndi Tanzania udabuka mwamphamvu: ife timagwira pangano la 1890 limene lidaika malire pagombe la kummawa, iwo akuti malire adutse pakati pa madzi. Zokambirana zotsogozedwa ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, sizidaphule kanthu. Mu 2014 boma lidaimitsa zilolezo kuti liziunikenso. Mpaka lero palibe mgolo wa mafuta umene watuluka m'nyanjayi.

Tiyerekeze kuti mawa apezeka. Drillship siingakwere Shire, mathithi a Kapichira ndi anzake adatseka njira imeneyo kalekale. Ilala yomwe ija adaimangira ku Scotland, n'kubwera nayo zidutswazidutswa kudzailumikizira ku Monkey Bay mu 1951. Makina obowolera m'madzi akuya, ndipo nyanja yathu imafika mamita 700 kumpoto, angafunenso njira yomweyo. Akatuluka mafutawo, tilibe fakitale yoyengera, tilibe paipi yopita kudoko. Uganda ndiye galasi lathu: adapeza mafuta ku Lake Albert mu 2006, chigamulo chomanga chidabwera mu 2022, ndipo adafunika paipi ya makilomita 1,443 yokafika ku Tanga ku Tanzania. Mnyamata amene adali ndi zaka 20 pa tsiku la chikondwerero adafika zaka 36 ntchito yeniyeni isanayambe.

Palinso funso limene asodzi a kwa Kachindamoto ali ndi ufulu wofunsa. Mu Epulo 2010 makina obowolera a Deepwater Horizon adaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 adafa, ndipo mafuta adatayika masiku 87, kumene kuli zida zonse ndi ndalama zonse. Nyanja yathu ili ndi potulukira pamodzi, ndipo madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, Shire amangotenga gawo lochepa. Chotayikiramo chimakhalitsa. Usipa, chambo, paki ya ku Cape Maclear imene UNESCO idaizindikira mu 1984, madzi akumwa a ku Blantyre, magetsi a ku Nkula ndi Tedzani, zonsezi zimamwa mtsuko umodzi. Sindikunena kuti nkhaniyi isakambidwe. Ndikunena kuti si ntchito yoti munthu aikonzekere ndi unyamata wake. Amene akuphunzira za miyala ku MUST asankhe maphunziro oti akagwirenso ntchito kumigodi ndi kobowola zitsime za madzi.

Ndalama yoyamba ipite kuti

Ambiri amayamba ndi kufunsa za BOSIET, satifiketi ya chitetezo imene aliyense wokwera helikoputa kupita pamakina a panyanja amayenera kukhala nayo. Maphunziro ake ndi a masiku atatu ndipo imatha mphamvu pakapita zaka zinayi. Mbali yake yotchuka imachitikira m'dziwe losambiramo. Amakumangirira lamba m'chibokosi chonga helikoputa, n'kuchitsitsa m'madzi, n'kuchitembenuza chadodolido. Madzi akulowa m'mphuno, sukudziwa kumwamba ndi kuti, uyenera kudikira chiime, dzanja limodzi pa zenera, kukankha zeneralo, kenako kumasula lamba n'kutuluka. Ukamasula lamba msanga umayandama n'kusokonekera. Wa kumapiri amene madzi akuya amangowaonera pa mlatho wa Linthipe ayambe wazolowera madzi. Koma BOSIET si luso, ndi tikiti chabe. Muyenera kukaipangira kunja, monga ku Cape Town, ndi ndalama yakunja imene kwacha yathu, chigwetsedwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imaigula mokakamira. Kuigula musanapeze ntchito ndi kuwerenga zaka zinayi zikutha muli pakhonde. Kampani zambiri zimalipirira zokha munthu amene zamufuna.

Ndalama yoyamba ipite ku luso limene limadyetsa ngakhale mgolo utagwa pa madola 30. Kwa wowotcherera, ndiye kuchoka pa mageti ndi mabagila bala kupita ku mapaipi. Mayeso a 6G ali chonchi: paipi amaimanga mopendekeka madigiri 45, siitembenuzidwa, ndiwe amene umazungulira, pansi, m'mbali, pamwamba, dzanja osanjenjemera. Akamaliza amaunika msokowo ndi X-ray, ndipo kabowo kosaoneka ndi maso kamakugwetsa. Amene wakhoza izi amafunidwa ku Afungi, ku Saldanha ndi ku Qatar, komanso kuno kwathu m'mafakitale a shuga a ku Dwangwa ndi Nchalo, m'matanki a mafuta ndi pa mapaipi a madzi. Wamagetsi aphunzire za mamota aakulu ndi zida zoyezera. Malo ngati a magetsi a dzuwa a ku Golomoti, a mamegawati 20 ndi mabatire ake, akuonetsa kuti luso lotere silidikira mafuta. Wokonda zamasitima ayang'ane ku sukulu ya zapamadzi ya ku Monkey Bay, kenako afufuze za mapepala a STCW, a maphunziro a ogwira ntchito pasitima, amene maboti a kunyanja yamchere amafuna.

Kwa wa zaka za m'ma 20 amene ali ndi Grade 1 ya zowotcherera kapena zamagetsi, ine ndingati: mapaipi ndi Chipwitikizi nthawi imodzi, zaka ziwiri kapena zitatu pa ntchito ya zomangamanga zazikulu kuno kapena ku Tete, makalata a umboni asungidwe bwino, kenako afunsire kwa makontilakita a ku Afungi kudzera pa masamba awo enieni. Amene ali kale ku South Africa mwalamulo alunjike kumadoko. Ku Arabu apite yekhayo amene waona kontilakiti ndi dzina la kampani yoti angaifufuze. Ndipo wapabanja akambirane ndi akunyumba za kagwiridwe kake: pamadzi anthu amagwira maola 12 tsiku lililonse kwa milungu inayi, n'kupuma milungu inayi, pamene m'misasa ya pamtunda wantchito wamba akhoza kutha miyezi ingapo asanaone kwawo. Funsani musanasaine kuti tikiti yobwerera amalipira ndani, masiku opuma amalipidwa kapena ayi, ndipo mukavulala inshuwalansi ikufikitsani chipatala chiti.